Khukhi Wobadwa Atafa Kale

Ine kusukulu sindinapondeko. Kukakhala kusaina ndimadinda chala, ndipo chala changa chakumanja chadya inki yambiri kuposa cha munthu wina aliyense kwathu ku Kapondo. Zimene mukuwerengazi ndikulankhula ndine, koma wolemba ndi mwana wanga wamkazi wachitatu. Ndamuuza kuti akamaliza andiwerengere, ndipo akasintha mawu ndidziwa.

Chinali chaka china makuponi a feteleza atayamba kale, zipani zitachuluka moti pachitsime unkapeza nsalu za nkhope zitatu zosiyana. Ndikukumba mtedza, chitsa chinandilasa pamsongolo. Ndinachipeputsa, ndinangomangapo kansanza. Patatha sabata ziwiri bala linakula, mwendo kutupa ngati mtondo. Anthu anandikweza pakaliyala ya njinga mpaka pamsewu, kenako galimoto mpaka ku Boma. Kuchipatala anati bala lotere ndi lotsuka tsiku ndi tsiku, ndisabwerere kumudzi. Ndiye ndinakakhala kwa mwana wangayu.

Iyeyu anaphunzira za makompyuta ku Lilongwe. Atamaliza anakhala zaka ziwiri osapeza ntchito, akugulitsa kaunjika pamodzi ndi msuweni wake. Nthawi imene ndinavulalayi n'kuti atangolembedwa kumene pa bungwe lina la alimi a mtedza pa Boma pomwepo. Koma kulembedwa kwake kunali koyesa, miyezi itatu. Anamuuza kuti apange m'kompyuta kaundula wa alimi: dzina la munthu, mudzi wake, kukula kwa munda, mtundu wa mbewu imene amadzala. Akalaliki azilemba zimenezi aliyense pakompyuta yake, zonse n'kumakasonkhana m'kompyuta imodzi yaikulu. Zikayenda, ntchito ndi yake. Zikakanika, abwerere kukaunjika. Anamupatsa kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa ofesi, ndipo katundu wake yense anali adakali m'zikwama, osamasula. Tinkagona pamatilesi amodzi pansi.

Nditafika n'kuti mwezi wachiwiri ukutha. Ndinaona kuti mwana wanga sakudya bwino. Masiku ena ankabwera masana akuimba, masiku ena ankangotola mbale n'kuibweza. Sindinafunse. Mwana wophunzira umamufunsa mosamala, angakuyankhe m'Chingerezi.

Tsiku lina masana ndili m'nyumba ndikusenda mbatata, ndinamva akulankhula pafoni pakhonde. Mawu ake anali a munthu wothedwa nzeru. Ankati khukhi sakufika. Kenako anati mwina akufika koma akufa msanga, sakudziwa chikumupha n'chiyani. Anatinso dzulo anali bwinobwino, lero m'mawa wapezeka palibe.

Mpeni unagwa m'manja mwanga. Paja malemu amuna anga anali khukhi pa esiteti ya fodya cha ku Mkanda kwa zaka zambiri, ndipo moyo wa akhukhi ndikuudziwa: kudzuka nkhuku zisanalire, kupuma utsi, kudwala osauza munthu poopa kuchotsedwa. Atalowa m'nyumba ndinamufunsa kuti khukhiyo ndi wa ndani, wasiya ana angati, maliro ali kuti, ndipo ngati tingapatuleko kaufa tikapereke.

Anandiyang'ana modabwa. Kenako anakhala pansi pakhomo pomwepo n'kuyamba kuseka, kuseka mpaka misozi, mpaka kutsokomola. Ine ndinakwiya pang'ono, chifukwa maliro saseka. Koma kunali kuseka kwake koyamba chifikireni ine, ndiye ndinamusiya amalize.

Atapukuta m'maso anati khukhi ameneyu si munthu. Ndi kanthu ka m'kompyuta, ndipo m'chilankhulo cha eni ake dzinalo ndi la kabisiketi, kungoti kutchula kwake kukufanana ndi ntchito ya abambo ake. Ndinati kaya bisiketi kaya munthu, andiuze chimene chikumuwondetsa.

"Amayi, mukukumbuka kachitsulo kamene abambo ankakoloweka m'khosi?"

Ndinkakakumbuka. Pa esiteti paja aliyense wantchito anali ndi kachitsulo kozungulira kokhala ndi nambala. Alonda a pageti ankasinthasintha, ena obwera kuchokera kutali osadziwa nkhope ya munthu. Ukafika pageti sankakufunsa kuti ndiwe mwana wa yani, unkangoonetsa kachitsuloko n'kudutsa.

Ndiye anati kompyuta yaikulu ija ili ngati mlonda amene sasunga nkhope ngakhale pang'ono. Kalaliki akafuna kulowa m'kaundula amalemba dzina lake ndi mawu ake achinsinsi. Mlondayo akavomereza, amamupatsa kachitupa, ndiye khukhi uja. Kompyuta ya kalaliki imasunga kachitupako m'thumba mwake, ndipo paliponse pamene kalaliki wasuntha, kaya kutsegula tsamba lina kaya kulemba dzina la mlimi, imakaonetsa mwakachetechete. Popanda kachitupako mlonda amakuona ngati mlendo, ngakhale wakupatsa moni pompano.

Mawa lake pochokera kuchipatala ananditengera mu ofesi kuti ndione ndi maso anga. Munali akalaliki atatu. Wamkulu mwa iwo anali bambo wa imvi, mkulu wa mpingo, amene anagwira ntchito pamenepo kuyambira nthawi ya mabuku a chikuto cholimba. Anandipatsa mpando wawo n'kundifunsa za mwendo. Kenako anavala magalasi, n'kulemba dzina lawo ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono ngati akudzala nyemba. Analemba mawu achinsinsi. Anadina. Galasi la kompyuta linaphethira ngati likufuna kutseguka, kenako linabwerera pomwe linali, timabokosi tiwiri topanda kanthu, kufunsanso kuti ndinu ndani. Anayesanso. Chimodzimodzi. Zinali ngati munthu wakuuza kuti lowani, iwe n'kuvula nsapato, ukuti ukhale pampando iye n'kunenanso kuti odi, tikuthandizeni?

Bambo aja anavula magalasi n'kuwapukuta ndi tayi. Anati mwina ndi iwo, zala zakalamba. Ndinawamvera chisoni, chifukwa ndinamva pambuyo pake kuti poyamba a manijala ankakalipira akalaliki kuti akuiwala mawu achinsinsi, ndipo bambowa anafika polemba mawu awo pakapepala n'kukabisa m'Baibulo. Zitaoneka kuti onse atatu sangaiwale tsiku limodzi, diso la a manijala linatembenukira kwa mwana wanga. Sankamukalipira. Anali munthu waulemu, wolankhula motsitsa. Ankangonena kuti ku Lilongwe kuli makampani amene amapanga zinthu zoterezi, ndipo komiti ya alimi ikubwera kumapeto kwa mwezi kudzaona. Mawu ofatsa otero ndi amene amalasa kwambiri.

Chimene chinkamuzunguza mutu n'chakuti pakompyuta yake ya m'manja, imene ankapangirapo ntchitoyo, zonse zinkayenda bwino tsiku lililonse. Vuto linkabwera ntchito ikaikidwa m'kompyuta yaikulu. Nditamva kuti yaikulu ndinkaganiza chinthu chofika kudenga. Atandionetsa ndinakhumudwa. Linali bokosi lotuwa lakalekale, logulidwa kwa ena amene analitaya, lopanda galasi lake, litakhala m'chipinda chosungiramo katundu pakati pa matumba ndi sikelo, likungolira ngati njuchi. Chipindacho chinkakhala chokhoma, kiyi ali ndi akalaliki aakulu aja.

Masiku amenewo ndinaphunzira kuti ntchito ya mwana wanga ndi yofanana ndi kusaka nkhuku yosowa. Umayamba ndi m'khola, kenako kwa aneba, kenako kutchire. Anayamba wasintha mawu achinsinsi a aliyense. Sizinathandize. Anatsegula thumba lija m'kompyuta ya kalaliki m'mene mumakhala tizitupa, n'kupeza mulibe. Ndiye anaganiza kuti mlonda sakupereka n'komwe kachitupako, ndipo anatha masiku akuwerenga zimene analemba yekha, mzere ndi mzere, kufufuza pamene analakwitsa. Sanapezepo cholakwa.

Kenako anatulukira kuti akalaliki safika pakhomo la kaundula mofanana. Awiri ankaitana kompyuta yaikulu ndi dzina lake, mmodzi ndi nambala yake. Anandifotokozera kuti kachitupa koperekedwa pa dzina sikagwira ntchito pa nambala, ngakhale nyumba ili yomweyo. Izi ndinazimva msanga, pakuti ine ndemwe kutchalitchi ndili ndi dzina lina, kumudzi amanditchula ndi dzina la mwana wanga woyamba, ndipo kalata ina inabwererapo chifukwa cha zomwezo. Anabwereka modemu kwa a manijala, kachipangizo kolumikizira intaneti kamene ankakasunga m'dirowa chifukwa kankadya mayunitsi. Anakalumikiza kukompyuta yaikulu, n'kufunsa mnzake wa ku Lilongwe uja ankalankhula naye pafoni. Anakonza zoti aliyense azilowera pa dzina. Anayesa. Zinatheka. Akalaliki onse atatu analowa n'kugwira ntchito mpaka kuweruka.

Tsiku limenelo anagula nyama ya mbuzi. Zinayenda bwino masiku atatu. Tsiku lachinayi m'mawa khukhi anafanso.

Ndipo zinkachitika choncho nthawi zonse. Akangobwereka modemu kuti aonetse mnzakeyo vutolo, vuto linkathawa. Mnzakeyo anafika pomuuza kuti mwina akulota. Ine zinkandikumbutsa mwana wotentha thupi usiku wonse, ukangofika naye pamaso pa adokotala n'kuyamba kusewera, iwe mayi n'kuoneka wabodza.

Tsopano kumbali yanga. Kuchipatala kutsukitsa bala kunkafuna kulawirira, chifukwa ukachedwa umapeza mzere wafika pamtengo wa mango. Ndinkadzuka kusanache, mwana wanga ali m'tulo, n'kutsimphina ndi ndodo yanga. Njira inkadutsa pakhonde la ofesi, pamene pankayaka babu. Masiku ambiri babulo ndi limene linkandiunikira kuti ndisapunthwe pangalande. Koma masiku ena ndinkapeza lazima, dera lonse lili bii, ndipo ndinkayenda mopapasa. Pobwerera dzuwa litakwera ndinkapeza magetsi ayaka kale, chigayo cha kutsidya kwa msewu chikulira, anthu a mu ofesi akufika atatchena osadziwa kuti kunachitika kanthu.

Munthu wosalemba amasunga zinthu m'mutu mosanjikiza. Ine masiku sindiwadziwa ndi manambala. Ndimawadziwa ndi zimene zinachitika: tsiku limene ndinaponda m'ngalande, tsiku limene namwino wamtali anandipweteka, tsiku limene mayi wa ku Zambia amene tinkakhala naye pamzere anandigawira chikondamoyo. Ndiye mosafuna ndinayamba kuona kuti masiku a mdima aja ndi omwewo amene mwana wanga ankabweza mbale. Ndinakhala nazo masiku angapo osanena. Ndinkati ndine ndani ine kulowerera za makompyuta, bwanji akandisekanso. Komanso ndinkaona masiku a komiti akuyandikira, ndi zikwama zija zili pakona zosamasula.

Linali Lachisanu, ndinaphika futali. Mwana wanga anabwera masana nkhope ili gwa, n'kukhala pansi osasamba m'manja.

Ndinati, "Wafanso eti?"

Anangogwedeza mutu.

"Ndinadziwa. Magetsi anathima m'mamawa."

"Magetsi ati, amayi? Ine ndadzuka akuyaka."

"Iwe umadzuka dziko litakonzedwa kale. Khukhi wakoyo amaopa mdima. Tsiku lililonse limene ndapeza babu la pa ofesi yanu lazima, iwe masana sudya."

Anati mwina zangokumana. Ndiye ndinamuwerengera. Ndinati tsiku lija unagula nyama, m'mamawa wa tsiku lomwelo kunali mdima, ndi lija ndinaponda m'ngalande. Masiku atatu otsatira babu linkayaka. Tsiku lachinayi linazima, ndi tsiku limene mayi wa ku Zambia uja anabwera ndi tochi. Sabata yapitayo linazima Lachiwiri. Ndinkatchula, iye akutsegula kabuku kake m'mene ankalemba masiku ovuta. Nditafika pachisanu anasiya kutsegula. Anayang'ana khoma, milomo ikuyenda yokha. Kenako anati kompyuta yaikulu ija magetsi akabwerera imadziyatsa yokha, n'chifukwa chake palibe amene ankadziwa kuti inazimapo. Koma anati sakuonabe kuti kuzima kukukhudzana bwanji ndi khukhi. Anadya futali yense, ndi wanga yemwe anatapako.

Loweruka ofesi inkatsekedwa masana. Anapempha akalaliki aakulu aja kuti atsalire ndi kiyi, ndipo a manijala anamubwereka modemu monyinyirika. Ine anati ndibwere, pakuti mlandu ndi wanga. Anandikhazika pathumba la mtedza m'chipinda chija, mwendo nditautambasula.

Anayamba walumikiza modemu. Akalaliki anapita pakompyuta yawo, analemba dzina, analowa bwinobwino. Anachotsa modemu. Analowanso bwinobwino. Ndiye mwana wanga anagwada pakhoma n'kuzimitsa bokosi lija dala. Kulira kwa njuchi kuja kunaleka. Tinadikira kanthawi, akalaliki akundifunsa za mvula ya kwathu. Anayatsanso. Litadzuka, anawapempha kuti ayesenso.

Tinamva ali kuchipinda chinacho akuti, "Yandibweza, mayi."

Mwana wanga anaomba m'manja kamodzi n'kudumpha ngati kamtsikana. Ine ndinadabwa kuti munthu akusangalalira matenda. Anandiuza kuti miyezi yonseyi matendawa ankabwera okha n'kuchoka okha, lero ndi tsiku loyamba kuti iye awaitane n'kubwera. Chimene ungathe kuchiitana ungathenso kuchiyang'ana kumaso.

Sanagwirenso modemu. Anatenga kompyuta yake ya m'manja n'kuilumikiza, n'kutsegula pena pamene pankaoneka zimene makompyuta awiriwo amauzana mobisa munthu akadina. Ine ndinkangoona timizere tambirimbiri ngati nyerere. Iye ankatsika nato ndi chala, akalaliki ataimirira kumbuyo kwake magalasi ali pamphuno. Chala chinaima.

Anati kachitupa kaja kakuperekedwa. Masiku onse aja ankaganiza kuti mlonda sakupereka, koma ankapereka ndithu, nachi apa. Kenako anasendeza chala kumapeto kwa mzere womwewo n'kuuza akalaliki kuti awerenge tsiku limene lalembedwapo. Bambo aja anawerenga, n'kuvula magalasi, n'kuvalanso. Anati chaka chimenecho mwana wawo womaliza anali asanayambe sukulu, pamene tsopano anali ku sekondale.

Apa ndi pamene anatimasulira tonse awiri. Kachitupa kalikonse kamakhala ndi tsiku lothera, kuti munthu akakatola pambuyo pake asalowere nako. Iye analamula kuti mlonda azilemba kuti kachitupa kathe mawa. Mlonda ankamvera. Koma m'kati mwa bokosi lija muli wotchi, ndipo wotchiyo imayendera kabatire kake kakang'ono magetsi akazima. Kabatire kameneko kanali katatha kalekale. Ndiye magetsi akathima, bokosi linkadzuka litaiwala zonse, likuganiza kuti lero ndi tsiku limene linapangidwa kufakitale. Linkalemba mokhulupirika kuti kathe mawa, koma mawa la chaka chakalekale. Kompyuta ya kalaliki, imene wotchi yake inali yolondola, inkalandira kachitupako, kuyang'ana tsiku, n'kuona kuti kanatha zaka zapitazo. Inkangokataya osauza munthu. N'chifukwa chake m'thumba munkapezeka mulibe kanthu. Khukhi ankabadwa atafa kale.

Nanga modemu ija? Anati ikalumikizidwa, bokosilo linkafunsa nthawi kunja n'kukonza wotchi yake lokha, mwakachetechete. Ndiye iye akangofuna thandizo, kufuna thandizo komweko kunkachiza wodwalayo, mpaka tsiku lina magetsi adzathimenso.

Ndinakhala pathumba paja ndikuliyang'ana bokosi lija, ndipo mkwiyo umene ndinali nalo unatha. Linandikumbutsa achemwali anga aakulu m'zaka zawo zomaliza. Ankadzuka m'mawa n'kumanga mpango kuti akupita kukapalira munda umene unalandidwa kalekale, n'kumafunsa ngati amayi athu abwera kuchokera kumtsinje. Sankanama. Zonse zimene ankanena zinali zoona, kungoti zinali za chaka china. Ukawakhazika pansi n'kuwauza kuti lero ndi lakuti, ankavomera bwinobwino, mawa n'kudzukanso kumene kuja.

Akalaliki aja anafunsa motsitsa mawu kuti, "Ndiye kuti sindinali ine?"

Mwana wanga anati, "Simunalakwitsepo ngakhale tsiku limodzi, abambo."

Bambo aja anatulutsa mpango m'thumba n'kupukuta pakhosi. Anangoti apita akachotse kapepala kaja m'Baibulo.

Madzulo omwewo dzuwa lisanalowe tinapita kumsika. Mwana wanga anali atatsegula bokosi lija ndi sukuludalaivala n'kuchotsamo kabatireko. Kanali kozungulira, kophwatalala, konyezimira, kukula kwake ngati ndalama yachitsulo. Ndinakaika pachikhatho changa n'kukayeza kulemera. Kanthu kopepuka chonchi n'kumuwondetsa mwana wanga miyezi iwiri. Tinakapeza kwa bambo wokonza mawotchi amene ankakhala ndi katebulo kake pafupi ndi ogulitsa matayala a njinga. Anafufuza m'kachitini mpaka anapeza kofanana nako, ndipo anafuna kudziwa kuti wotchi yake ndi yaikulu bwanji yodya batire lotere. Mwana wanga anati ndi yaikulu ngati katoni ya sopo ndipo ilibe mivi. Bamboyo anayang'ana ine kuti ndimuthandize, ine ndinangoti ndi zoona, ndaiona.

Ndinkaganiza kuti zathera pamenepo, koma Lolemba mwana wanga anakhalanso pakompyuta tsiku lonse. Nditamufunsa anati batire limeneli nalonso lidzatha tsiku lina, mwina iye kulibe, ndipo safuna kuti wina adzavutike monga wavutikira iye. Ndiye anasintha lamulo lija. Mlonda asamalembenso tsiku pakachitupa. Kazikhala ndi moyo nthawi yonse imene kalaliki ali pantchito, akatseka kaundula pakompyuta yake kazifera pomwepo, mawa adzalandire kena. Anaikanso tsiku ndi nthawi ya bokosi lija kuti zizioneka pakona pa tsamba lolowera, kuti likadzayambanso kulota zakale aliyense adzaone. Atamaliza anakazimitsa bokosilo katatu konse, kuyatsa, kuyesa. Anafika pochotsamo batire latsopano lija dala n'kuyesanso. Akalaliki ankalowa ndithu.

A manijala anamva zonse kwa akalaliki aakulu, amene anafotokoza nkhaniyo motalika kuposa mmene ndafotokozera ine pano, ndipo anaikamo ndi vesi. Tsiku lina ndikudutsa pochokera kuchipatala a manijala anatuluka mu ofesi n'kundipatsa moni wa manja awiri. Anati amva kuti agogo ndi amene agwira mbava. Ndinati ine sindinagwire kanthu, ndinangoona babu, wogwira ndi amene anadziwa pokayang'ana. Anaseka. Koma za ntchito ya mwana wanga sananene chilichonse, ndipo ifenso sitinafunse.

Tsiku la komiti ndinadzuka monga mwa masiku onse. Nditatuluka panja ndinapeza kuli bii, babu lazima. Ndinaima pakhomo ndikuganiza zomudzutsa, koma ndinati ndimudzutsirenji, chimene akanachita anachita kale. Ndinapita kuchipatala. Tsiku limenelo namwino anati bala lauma, ndisabwerenso, ndizingodzola mankhwala kunyumba.

Pobwerera ndinapeza njinga zambiri zitatsamira pakhoma la ofesi. A komiti anali alimi ngati ine ndemwe, ochokera ku Mkanda ndi madera ena, amuna atavala majekete a kutchalitchi, amayi awiri atavala zitenje zatsopano. Sindinalowe. Ndinakhala pakhonde pansi pa zenera, pamene mawu ankamveka bwino. Ndinamva a manijala akupempha akalaliki aakulu kuti aonetse. Ndinamva kugogoda kuja kwa chala chimodzi, pang'onopang'ono. Kenako mayi wina anafunsa ngati dzina lake lilimo, n'kutchula mudzi wake. Akalaliki anamuwerengera dzina lake, munda wake, ndi mtundu wa mtedza umene anadzala. Mayiyo anati mundawo awonjezere, anagula kachigawo kena chaka chatha. Anthu anaseka, ndipo aliyense anayamba kufuna kumva dzina lake. Anakhala m'menemo mpaka dzuwa kupendeka, palibe amene anabwezedwa pakhomo.

Kalata yoti ntchito ndi yake anamupatsa patatha masiku awiri. Anandiwerengera kawiri, poyamba m'Chingerezi mmene inalembedwera, kenako m'Chichewa. Ine mtedza wanga unali ukundidikira kumudzi wosaswa, ndiye m'mawa mwake ndinamanga kamtolo kanga. Anandiperekeza pokwerera galimoto. Tikudikira anandiuza kuti kuseri kwa kanyumba kaja, pamene timataya madzi otsukira mbale, nthaka yake ndi yabwino, ndipo anandipempha kuti ndikafika ndimutumizire mphukira ziwiri za nthochi za kudimba kwathu, zazifupi zija zokoma.

Nthochi imatenga chaka ndi miyezi kuti udye. Ndinafika kumudzi masana, ndipo ndisanalowe n'komwe m'nyumba ndinabwereka khasu kwa apongozi anga n'kutsikira kudimba. Ndinakumba zitatu.